Pamene Denga Likumana ndi Khoma

Ambiri mwa ife timalidziŵa sileti ngati polembapo ana a sukulu, koma ku Britain mwala womwewo amafolera nyumba. Wambiri udakumbidwa kumpoto kwa Wales, m'migodi monga wa Penrhyn ndi wa Dinorwig, umene udatsekedwa m'chaka cha 1969. Denga lotere likhoza kutha zaka 100. Komabe likayamba kudontha, kaŵirikaŵiri mlandu sukhala wa mwalawo ayi, koma wa pamalo pamene denga likumana ndi khoma la njerwa.

Pamalo ameneŵa amisiri amatsekapo ndi chitsulo chofeŵa cha mtovu. Chikatha, mmisiri weniweni amachotsa chakalecho, nayang'ana ngati matabwa a pansi sadaole. Kenaka pansi pa sileti lililonse logunda khoma amaloŵetsapo kachitsulo kopinda, mbali yake ina nkuimirira motsamira khomalo. Atatero amagoba mzere wa pakati pa njerwa mpaka kuya mamilimita 25, naloŵetsamo mlomo wa mtovu wina wophimba tizitsulo tija, naupanikiza ndi tizidutswa ta mtovu, ndipo pomaliza amamata mzerewo. Chidutswa chilichonse sichipitirira masentimita 150, pakuti mtovu umafutukuka padzuŵa ndi kukhwinyata pozizira, ndipo wautali umang'ambika.

Koma pali njira yachidule imene eni nyumba amaikonda chifukwa njotsika mtengo, ndiyo kungopakapo simenti. Ine ndikuti kumeneko nkudzinamiza. Matabwa a denga amasuntha pang'onopang'ono pamene khoma lili chiimire, tsono simentiyo imang'aluka, madzi napeza njira. Tsiku loyamba pamaoneka bwino ndithu, koma paja akulu adati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Ndalama imene mwini nyumba adaopa kulipira mmisiri adzailipira kangapo pogula matabwa atsopano.

Kwathu kuno sitifolera masileti, koma vutoli tili nalo paliponse pamene malata a khonde agunda khoma la nyumba kapena la kalasi. Nafenso timangomatapo simenti, mvula ya Januwale nkutichititsa manyazi.

Inu amene mwangotsiriza sukulu, musanyoze ntchito yamanja. Kuti mmisiri uja adule mtovu moyenera, ayenera kudziŵa masamu ndi sayansi imene tidakuphunzitsani m'kalasi. Ndipo ife aphunzitsi tisamatame ophunzira okhawo olinga ku ofesi, pakuti ofesi yodontha siisankha kuti m'katimo mwakhala wa digiri.