ZA PAKHOMO PATHU: Galasi la chitseko likasweka

Mwera wa chaka chino watisiyira ntchito kunyumba kwathu. Tsiku lina m'mawa zitseko za kumaso ndi kuseri zinali zotsegula, mphepo n'kudutsa m'nyumba, chitseko cha pakati pa chipinda chochezera ndi kuzipinda zogona n'kumenyeka, phwaa! Galasi lonse pansi. Tinasesa, tinakolopa, koma patapita masiku awiri mdzukulu wathu anaponda kachidutswa kamene kanabisala mumkeka. Paja m'nyumba zathu nsapato timazisiya pakhomo, ndiye galasi likasweka amene amalipira ndi mapazi a ana.

Choncho poyamba tulutsani ana, valani nsapato ndi magolovesi. Mukasesa, pukutani pansi ndi nyuzipepala yonyowa, mikeka mukaikutumulire kutali. Zidutswazo musataye kudzala kumene ana amatola zoseweretsa. Zikulungeni, mukaponye m'chimbudzi chokumba.

Zitseko zambiri za m'kati galasi lake limagwidwa ndi timatabwa tinayi tokhomedwa ndi timisomali. Tikanganuleni pang'onopang'ono ndi tchizulo, kuyambira pakati pa kathabwa kakatali, ndipo mulembe manambala kuti kalikonse kadzabwerere pamalo pake. Ngati galasi linamatidwa ndi putty, palani yense wakaleyo mpaka thabwa lioneke.

Pamene ambiri timalakwa ndi poyeza. Yezani m'kati mwa mpata umene galasi limakhalamo, m'litali ndi m'lifupi, pawiri kapena patatu, chifukwa felemu yakale siikhala yowongoka. Tengani muyeso wochepa, ndipo muchotsepo mamilimita 3 m'litali, 3 enanso m'lifupi. Thabwa limafufuma nthawi ya dzinja, makamaka kuno kunyanja, ndipo galasi lothina limang'aluka lokha popanda wolikhudza. Muyesowo ulembedwe papepala. Ife tinaupereka pakamwa kwa mnyamata amene tinamutuma ku Mangochi, ndipo ulendowo unayendedwa kawiri.

Tsono funso lalikulu ndi lakuti mugula galasi lanji. Wogulitsa adzayamba kukuonetsani la mamilimita 3 poti ndi lotsika mtengo. Limenelo ndi la mawindo ang'onoang'ono. Pachitseko chimene chimamenyeka tsiku ndi tsiku ife tikuti ayi. Galasi wamba likasweka limatuluka zisonga zazitali ngati mipeni. Lilipo lina lowotchedwa kufakitale, lolimba kanayi kapena kasanu kuposa wamba, limene likasweka limayoyoka tizidutswa tating'ono tosathwa kwambiri; koma silidulika likawotchedwa, ndiye mumachita kuitanitsa pa muyeso wanu. Lina ndi la magalasi awiri omatidwa ndi pulasitiki pakati, monga la kutsogolo kwa galimoto: limang'aluka koma silimwazika. Ngati thumba silikulola, ndipo mpatawo uli m'munsi mofika mutu wa mwana, khomanipo pulayiwudi ndi kupaka penti. Palibe manyazi pamenepo.

Ife tinasankha galasi losaonekera m'kati, kuti kuwala kudutse koma alendo okhala pabalaza asaone zochitika kuzipinda. Mayi a kunyumba akuti chabwino chokha chimene mwera unachita ndi chimenechi.

Poika, yalani putty wochepa mumpatamo kuti galasi lisagunde thabwa ndipo lisamachite phokoso. Likankheni cha m'mphepete, osati pakati. Bwezerani timatabwa tija, ndipo pokhoma ikani katoni pagalasi, hamala iziyenda motsetsereka pa katoniyo. Ngati mwamaliza ndi putty yekha, dikirani sabata imodzi kapena ziwiri asanapakidwe penti.

Kwathu tawonjezanso kangowe kuseri kwa chitseko, kokolera kukhoma chikakhala chotsegula, pakuti mwera umaomba mpaka Ogasiti.