Makiyi a deta yathu ali m'thumba la ndani?

Kumayambiriro kwa 2024, dziko la Malawi linakhala masabata angapo osasindikiza pasipoti. Odwala ofuna kukaonana ndi madokotala ku India, ophunzira amene anapeza malo kunja, amalonda a ku Joni ndi ku Dar es Salaam, onse anangoti kakasi pakhomo la Immigration. Mu February, mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akathyali a pa intaneti alowa m'makina ndipo akufuna dipo. Apo n'kuti boma litathetsa kale, mu December 2021, mgwirizano wa madola 60.8 miliyoni ndi kampani ya Techno Brain imene inaika makinawo. Za wolakwa ndi wosalakwa ndikusiyira aphungu ndi makhothi. Langa ndi funso limodzi: boma lokhala ndi mayina, zithunzi ndi zidindo za zala za nzika zake limalephera bwanji kudzutsa lokha makina osungira zinthu zimenezi m'masiku awiri?

Matendawa amayamba tsiku logula, ndipo si a Immigration yokha. Ali m'maunduna, m'makhonsolo, m'ma SACCO ndi m'mabungwe omwe si aboma. Wogulitsa amabwera atatchena suti, msonkhano n'kukachitikira kunyanja, ku Salima kapena ku Mangochi, alawansi n'kusainidwa. Pakhoma amaonetsa dashboard: mapu a Malawi, maboma onse 28 atapakidwa mitundu, ukadina pa Nsanje manambala n'kuyamba kuvina. Mabwana m'manja phwaphwaphwa! Palibe woimika dzanja kufunsa mafunso owawa aja. Tikadzayambana nanu, deta yathu tidzaitulutsa bwanji? Password yaikulu ya database isunga ndani? Chaka chachitatu laisensi idzakhala ndalama zingati, m'makwacha kapena m'madola? Mnyamata wa IT amene akanafunsa zimenezi anamusiya ku ofesi akukonza printer ya bwana.

Mabwana ambiri amasokoneza zinthu ziwiri, ndipo ogulitsa amakondwa nako kusokonezako. Database, kaya ndi Oracle, SQL Server, MySQL kapena PostgreSQL, ndiye kumene deta imagona. Zida monga Power BI, Tableau, Looker ndi Metabase zimangotunga zomwe zili m'menemo n'kuzijambula. Sizidziwa ngati nambala ndi yoona kapena yabodza. Kugula dashboard yonyezimira pamwamba pa deta yovunda kuli ngati kumata nkhokwe kunja pomwe mkati anankafumbwe atha chimanga.

Ife tiyenera kudziwa zimenezi kuposa wina aliyense, chifukwa tinalipira sukulu yake. Mu 2013 boma linali ndi makina a zachuma a IFMIS, oyendera pulogalamu ya Epicor. Anthu ankalowetsa malipiro a katundu amene sanabwere ndi ntchito imene sinagwiridwe, macheke n'kutuluka, kenaka iwo n'kufufuta mapazi awo m'makinamo. Akatswiri a Baker Tilly anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasololedwa pakati pa April ndi September chaka chimenecho chokha. Wina akanajambula graph pa deta imeneyo, ikanatuluka yokongola ndithu. Chimene chinasowa pa nkhani imeneyi ya Cashgate ndi chinthu chosaoneka pa projector: kuchepetsa anthu okhala ndi mphamvu yofufuta, ndi kaundula wosafufutika woonetsa amene wakhudza chiyani, nthawi yanji. Lero IFMIS ili pa SAP. Dzina ndi lalikulu, inde, koma dzina siligwira wakuba.

Ndipo asatinamize kuti mavutowa ndi a mayiko osauka. Mu October 2020, bungwe la zaumoyo ku England linazindikira kuti anthu 15,841 opezeka ndi Covid-19 sanalowe m'chiwerengero, chifukwa zotsatira zinkadutsa pa mtundu wakale wa Excel umene umathera pa mizere 65,536. Nkhani ya ku Birmingham ndiye yoti mlembi wamkulu aliyense wa unduna aimate pakhoma la ofesi yake. Khonsolo ya mzindawu inachoka pa SAP kupita pa Oracle mu April 2022. Poyamba ankati ntchitoyo idya pafupifupi mapaundi 19 miliyoni. Pofika 2023 ankakamba za mapaundi 100 miliyoni. Anaumirira kuti pulogalamuyo isinthidwe kuti igwirizane ndi kagwiridwe kawo kakale ka ntchito, mapeto ake makina analephera ngakhale kuyanjanitsa mabuku ndi maakaunti a kubanki, anthu n'kumachita pamanja. Mu September 2023 khonsoloyo inalengeza kuti bajeti yaikanika. Chifukwa chachikulu chimene inatchula chinali ngongole ya malipiro a amayi ogwira ntchito, koma chisokonezo cha makinachi chinakulitsa bala. Iwowo ali ndi boma lolemera lowatola akagwa. Nanga khonsolo ya Zomba kapena Mzuzu? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsopano tikambe za ndalama, chifukwa apa ndiye pamene mtima wanga umawira. Mu April 2025 Microsoft inakweza Power BI Pro kuchoka pa madola 10 kufika pa madola 14 pa munthu pamwezi. Kwa mzungu wa ku Seattle, madola anayi ndi khofi mmodzi. Kwathu kuno kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Dola imene inkagulidwa pafupifupi K825 inafika cha m'ma K1,700 pa mtengo wa kubanki, ndipo aliyense akudziwa kuti ya kubankiyo siipezeka. Werengani nokha: laisensi imene inali pafupifupi K8,000 tsopano yadutsa K23,000. Bungwe la anthu 200 limatumiza kunja madola 33,600 pachaka, ndipo mwa anthu 200 amenewo ambiri amatsegula dashboard kamodzi pa kota, bodi ikamakumana. Madola amenewa ndi omwewo timawalirira pa mafuta, feteleza ndi mankhwala. Mlimi wa fodya wa ku Kasungu amagona m'chigafa kuti bwana aone graph ya buluu.

Mwini pulogalamu akasintha maganizo, wobwereka alibe pothawira. Mu January 2023 Oracle inasintha kalipiritsidwe ka Java: mtengo unayamba kuwerengedwa pa wantchito aliyense wa kampani, ngakhale mlonda amene sanagwirepo kompyuta, kuyambira madola 15 pamwezi. Nazonso zida zimagulitsidwa ngati ng'ombe zapamsika, zikumasintha eni. MySQL inagwera m'manja mwa Oracle mu 2010. Mu 2019 Salesforce inagula Tableau pa madola 15.7 biliyoni, Google n'kulengeza zogula Looker pa madola 2.6 biliyoni. Ndalama zimenezo amazibweza kwa ndani, ngati si kwa inu amene munasaina?

Njira ina ilipo, ndipo si maloto. PostgreSQL, imene inayambira pa yunivesite ya Berkeley m'ma 1980, ilibe laisensi yolipira ndipo palibe kampani imodzi imene ingaitseke. Wina akati ndi chidole cha ana asukulu, mufunseni chifukwa chake mu 2025 Databricks inagula Neon ndipo Snowflake inagula Crunchy Data, makampani awiri amene ntchito yawo yagona pa PostgreSQL yemweyo. Sipafunikanso kupita kutali. DHIS2, imene Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsira malipoti a zipatala m'dziko muno, inapangidwa ku yunivesite ya Oslo, ndi yaulere, ndipo pansi pake pali PostgreSQL. Mlembi wa deta pa chipatala chaching'ono cha ku Chitipa amaigwiritsa ntchito mwezi ndi mwezi, popanda invoice yochokera ku America. Zojambulira nazo zilipo, monga Apache Superset ndi Metabase.

Koma musandimve molakwika, chifukwa atumwi a mapulogalamu aulere nawonso amanama. Chaulere chimatha kusanduka: MongoDB inasintha laisensi mu 2018, Redis mu March 2024, mpaka anthu anapatuka n'kuyambitsa Valkey. Ndipo PostgreSQL yopanda munthu woisamala, yopanda backup yoyesedwa, ili pa seva imene imazima ESCOM ikangotsokomola, ndi yoopsa kuposa Oracle yosamalidwa bwino. Banki yaikulu ikhoza kukhala ndi zifukwa zomveka zolipirira laisensi, ndipo sindikuikaniza. Chimene ndikukana ndi kulipira madola zikwizikwi kwa kampani yakunja kwinaku mukupatsa katswiri wanu wa database malipiro osakwana lendi ya ku Area 25. MUBAS, MUST, UNIMA ndi Mzuni zikutulutsa achinyamata odziwa SQL chaka ndi chaka. Timawalemba ntchito yolumikiza mawaya, akatopa amapita ku Johannesburg, kenaka timawagulanso ngati ma consultant pa mtengo wa dola. Uku n'kupusa kochita kusainira.

Choncho PPDA, yoyang'anira zogula za boma, isamavomereze mgwirizano wa makina a deta umene sukunena poyera kuti deta ndi yathu ndipo tingaitulutse tsiku lililonse mumtundu woti pulogalamu ina iwerenge. Makiyi onse a database akhale ndi ogwira ntchito m'boma kuyambira tsiku loyamba, osati tsiku lotsanzikana. Mtengo wa zaka zisanu ulembedwe pasadakhale, ndipo munthu wa IT akhale pa tebulo logulira ndi mphamvu yokana, ngakhale bwana atakwinya nkhope. Kamodzi pachaka a ku National Audit Office afike pa unduna uliwonse, alamule kuti seva izimitsidwe, anyamata ndi atsikana athu aidzutse kuchokera pa backup osaimbira foni wogulitsa. Unduna umene walephera, mlembi wake wamkulu akafotokoze yekha pamaso pa komiti ya aphungu ya PAC, pa wailesi, tonse tikumva.