Za Kukayesera Ntchito ya Uphunzitsi Kunja kwa Dziko

Chaka ndi chaka, mndandanda wa sukulu zokayeserako kuphunzitsa ukangopachikidwa, pamakhala kudandaula. Amene aikidwa m'tauni ya Zomba amamwetulira, koma amene aikidwa cha ku Kachulu, pa chilumba cha Chisi kapena m'midzi ya kumunsi kwa mtsinje wa Likangala, nkhope zawo zimagwa. Masiku ano pa kudandaulako pawonjezeka funso lina. Ophunzira ena amva kuti anzawo a m'maiko ena amapita kunja kukachita chimene pa Chingerezi achitcha internship, ndiye kuti kugwira ntchito kwa miyezi ingapo moyang'aniridwa pofuna kuiphunzira, tsono afunsa kuti, kodi ifenso sitingakayesere uphunzitsi ku Britain, ku Japan kapena ku South Africa m'malo mopita ku dambo la udzudzu?

Funsoli ndi loyenera, ndipo ine sindili m'gulu la amene amaliseka. Kufuna kukaphunzira kutali si chinthu chachilendo m'dziko muno. John Chilembwe anapita ku America mu 1897 nabwerako mu 1900 kudzatsegula sukulu ku Mbombwe. Legson Kayira ananyamuka wapansi mu 1958 kufunafuna maphunziro, nayenda mpaka ku Sudan asanapeze njira yofikira ku America. Koma maganizo anga ndi akuti wophunzira uphunzitsi amene akufunitsitsa kudzapita kunja ndiye ayenera kukondwera kuposa onse ataikidwa ku Kachulu, pakuti njira zenizeni zopitira kunja, pafupifupi zonse, zimadzera m'kalasi ya kumudzi.

Boma la Japan lili ndi thandizo la maphunziro la aphunzitsi lotchedwa MEXT, limene mafomu ake amadzera ku ofesi ya kazembe wa dzikolo ku Lilongwe. Wosankhidwa amakhala ku Japan chaka ndi theka, miyezi yoyamba akuphunzira Chijapani, kenaka akuphunzira kaphunzitsidwe pa yunivesite ndi kuyendera sukulu za kumeneko. Koma pakhomo penipeni pali mawu akuti wopempha akhale ataphunzitsa kale zaka 5, ndipo asafike zaka 35 zakubadwa. Thandizo la Chevening la boma la Britain limafuna digiri ndi zaka 2 za ntchito, ndiponso limalamula kuti womaliza maphunziro abwerere kwawo. Pamene ntchito ya SMASSE, yolimbikitsa kaphunzitsidwe ka masamu ndi sayansi m'sukulu za sekondale, inayamba m'Malaŵi mu 2004 ndi thandizo la Japan, likulu lake lili pa koleji ya Domasi, amene anatumizidwa ku Kenya kukaphunzira anali anthu ogwira kale choko. Palibe mwa njira zimenezi yofunsa ngati munthu anayesera ntchito m'tauni kapena kumudzi. Zonse zimafunsa kuti, mwaphunzitsa zaka zingati, ndipo mwachitapo chiyani?

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Uphunzitsi susiyana ndi unamwino pa mfundo iyi, yakuti dziko lililonse limasamala za amene akuima pamaso pa ana ake. Ku South Africa, munthu asanaphunzitse ayenera kulembetsa ku bungwe la SACE, ndipo satifiketi yochokera kunja imayamba yayesedwa ndi bungwe la SAQA. Ku Zambia kuli bungwe lake lolembetsa aphunzitsi, monganso kwathu kuno tili ndi Teachers Council of Malawi. Wophunzira amene sanamalize, wopanda satifiketi, sangapatsidwe kalasi m'maiko amenewo pongolemba kalata yekha. Ndipo ngakhale atapatsidwa, kuyesera kuphunzitsa ndi gawo la mayeso a koleji yanu. Kumafunika kuti aphunzitsi anu akhale kumbuyo kwa kalasi, aone chikonzero chanu cha phunziro, akupatseni malikisi. Ndani wa ife adzakwera ndege kukakuonani? Popanda pangano lolembedwa pakati pa koleji yanu ndi sukulu ya kunjayo, miyezi yonseyo siiŵerengedwa, ndipo mudzabwerako ndi zithunzi zokongola koma chaka chitatayika.

Apa ndipo pamene pamaloŵera anthu odyera pa chilakolako cha achinyamata. Mawu akuti internship masiku ano akumatidwa pa zinthu zambiri. Uthenga umafika pa foni wonena za malo ophunzitsa Chingerezi kunja, malipiro abwino, nyumba yaulere, bola mutumize ndalama zolembetsera lisanafike Lachisanu. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu 2024 wailesi ya BBC inaulutsa nkhani ya amayi a ku Malaŵi oposa 50 amene anathandizidwa kubwerako ku Oman, kumene anapita atalonjezedwa ntchito yabwino nakapezeka ali pa ukapolo m'nyumba za anthu, mapasipoti atalandidwa. Dziko lathu lili ndi lamulo la 2015 loletsa kugulitsa anthu, koma lamulo limagwira ntchito bwino munthu asanakwere ndege. Pali zizindikiro zosabisika. Thandizo loona la maphunziro silipempha ndalama zolembetsera, limalengezedwa ndi ofesi ya kazembe kapena Unduna wa Maphunziro, ndipo limatchula dzina la sukulu, mtundu wa visa ndi amene adzalipire ulendo wobwerera. Wokuuzani kuti muloŵe m'dziko la eni ndi visa ya mlendo wongocheza, za ntchito mukakonza mutafika, ameneyo akukutumizani kukaphwanya lamulo, ndipo pogwidwa adzagwidwa ndinu, iye ali phee kuno. Nawonso makomo a maiko olemera akunka nachepa: mu 2025 America inayamba kufuna kuti Amalaŵi ena opempha visa yocheza aike chikole cha madola 5,000 mpaka 15,000.

Palinso ulendo wina umene ndi wololedwa koma si wa ntchito yathu. Mu November 2023 achinyamata 221 ananyamuka kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, ndipo zisanachitike izi ophunzira zaulimi akhala akupitako kukayesera ntchito yawo. Kwa wophunzira zaulimi, kuona m'mene amathirira mbeu m'chipululu ndi phunziro. Kwa wophunzira uphunzitsi, kuthyola tsabola chaka chathunthu ndi ganyu basi. Sindinyoza ganyu, munthu wosoŵa fizi ya mng'ono wake ali ndi zifukwa zake. Koma atchule chinthucho dzina lake, asadzinamize kuti akukulitsa luso la m'kalasi.

Chimene chimandidabwitsa ine n'chakuti tikamati kunja, maso athu amalumpha nyanja zamchere nasiya dziko lina limene likuoneka ndi maso munthu ataima pa doko la Kachulu. Tsidya la kum'maŵa kwa Chilwa ndi Mozambique, boma la Mecanhelas m'chigawo cha Niassa, ndipo njanji yodzera pa Nayuchi imaloŵa komweko. Pakati pa 1993 ndi 1997 dziko limenelo linayesa kuphunzitsa ana m'zilankhulo ziŵiri, ku Tete m'Chinyanja ndi Chipwitikizi, ku Gaza m'Chichangana ndi Chipwitikizi, ndipo kuyambira 2003 njirayi inaloŵa m'ndondomeko ya sukulu zawo za pulayimale. Ku Chipata ndi chigawo chonse cha kum'maŵa kwa Zambia ana amaphunzira kuŵerenga m'Chinyanja. Funso limene limativuta ife tsiku ndi tsiku, lakuti mwana wobwera ndi chilankhulo cha amake timuolotse bwanji kupita ku chilankhulo cha mayeso, ndi lomwelo limene aphunzitsi a ku Tete ndi ku Chipata akulimbana nalo. Wophunzira wathu atakhala milungu inayi kumbuyo kwa kalasi ya ku Chipata angamve zonse zonenedwa, angafanizire ndi zathu, ndipo zimene angaone angathe kudzaziyesa kuno maŵa lake. Atakhala milungu inayi yomweyo m'kalasi ya ana 25 ku Glasgow, aliyense ali ndi kompyuta yake, adzabwerako atadabwa kwambiri, koma kudabwa sikuphunzitsa Sitandade 2 ya ana oposa 100. Ndikadakhala ndi mphamvu, pangano loyamba limene makoleji athu akadalemba likadakhala la makoleji a aphunzitsi a ku Chipata ndi ku Tete, pakuti mtengo wake ndi wa basi, ndipo Mmalaŵi safuna visa pokacheza kwa anansi ameneŵa kwa masiku oŵerengeka, ngakhale kuti za kukhala m'sukulu zingafune chilolezo chake.

Tikumbukirenso kuti pamene ife tikulakalaka kuchoka, ena akulakalaka kubwera. Odzipereka a Peace Corps anayamba kufika m'dziko muno mu 1963, a ku Japan mu 1971, ndipo ambiri a iwo anaikidwa m'sukulu zonga zomwe inu mukuzikana. Iwo atabwerera kwawo, zaka za kumudzizo ndizo zimene amalemba pamwamba pa mbiri yawo ya ntchito. Domasi yemweyu ali ndi mbiri yoti tiilingalire. Komiti ya Phelps-Stokes itayendera dziko lino mu 1924, boma linatsegula pa Domasi mu 1929 sukulu ya Jeanes, potengera njira imene inayamba m'sukulu za kumidzi za anthu akuda kummwera kwa America. Maganizo anachokera kunja, inde, ndipo anali ndi zolakwa zake za nthaŵi ya atsamunda, zofuna kuti Mwafirika aphunzire zomuyenera kumudzi basi. Koma chimodzi anachigwira bwino: mphunzitsi ankaphunzitsidwa kuti adziŵe mudzi umene sukulu yake ilimo, madzi ake, minda yake ndi matenda ake.

Tsono taganizani zimene zili pa gombe la Chilwa kwa munthu wamaso. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe imathira, koma madzi amachoka pouma ndi dzuŵa, n'chifukwa chake ndi amchere. Mbale ya madzi a m'nyanjamo yosiyidwa padzuŵa masiku angapo idzaphunzitsa ana zimenezi kuposa ndime khumi za m'buku. Nyanjayi inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yake yaikulu inasanduka matope ong'ambika. M'mudzi uliwonse muli agogo amene anaziona ndi maso zaka zimenezi. Mwana wotumidwa kukawafunsa nadzalemba zimene wamva waphunzira mbiri, jogalafe ndi chimangirizo pa ntchito imodzi. Chilwa inalembedwa pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse, makamaka chifukwa cha mbalame zake, ndipo akatswiri amachokera kutali kudzaŵerenga mbalame zimene ana anu amazidziŵa maina onse. Masamu ali m'matumba a mpunga a pa sikimu ya Likangala ndi ya Domasi, ali pa mtengo wa matemba, makumba ndi milamba pa doko. Phunziro la ukhondo lili pa zimbowera, tinyumba toyandama ta asodzi, kumene kolera wakhala akubuka kaŵirikaŵiri chifukwa madzi akumwa ndi madzi otayiramo zonyansa ndi amodzi.

Zovuta ziliponso, ndipo sindizibisa. Nsomba zikachuluka anyamata amasoŵa m'kalasi. Mpunga ukamacha ana amapita kukaingitsa mbalame. M'kalasi imodzi muli olankhula Chinyanja, Chiyao ndi Chilomwe. Nthaŵi ya dzinja njira imaduka. Koma apa ndi pamene wophunzira wanzeru amasiyana ndi mnzake. Wina amangodandaula kuti ana sabwera. Wina amagula kope la masamba 80 nalemba tsiku ndi tsiku: lero abwera angati, asoŵa ndani, chifukwa chiyani, ndinayesa chiyani, chinatsatira n'chiyani. Anagaŵa kalasi m'magulu kodi? Anapatsa wojomba mnzake womufotokozera zimene anaphonya? Anakaonana ndi a komiti ya sukulu ndi anyakwaŵa? Pakutha kwa temu ali ndi ziŵerengero zake, zoona, zosakopera kwa munthu.

Kope limeneli ndilo lidzalankhula tsiku lopempha malo kunja. Mafomu a MEXT amafuna kuti wopempha afotokoze chimene akufuna kukaphunzira ndi chifukwa chake. A Chevening amafuna zitsanzo za zimene munthu anatsogolerapo. Oŵerenga mafomuwo atopa ndi makalata onena kuti wolembayo amakonda ana ndipo akufuna kutukula dziko. Kalata yonena kuti, m'kalasi yanga ya ana 110 anyamata ankasoŵa kwambiri m'miyezi yakutiyakuti, ndinayesa izi, zina zinatheka zina zinakanika, tsopano ndikufuna kukaona m'mene ena amachitira, imeneyo imaŵerengedwa mpaka kumapeto. Pamafunikanso kalata ya umboni, ndipo umboni wa mphunzitsi wamkulu amene anakuonani mukuphunzitsa mvula ikudontha m'kalasi ndi wolemera kuposa wa bwana wotchuka amene sanakuoneni mutagwira choko. Mphunzitsi wamkulu ameneyo muyambe kumulemekeza tsiku loyamba. Musamuone ngati munthu wotsalira chifukwa njinga yake ndi yakutha.

Zina ndi zazing'ono koma zimagwetsa ambiri. Pasipoti itengedwe nthaŵi ikadalipo, osati sabata imene kalata yafika. Satifiketi ya MSCE ndi ya koleji zisungidwe pouma, ndipo dzina likhale lolembedwa mofanana pa zonse, pakuti chilembo chimodzi chosiyana chingabweze fomu. Chingerezi cholemba chikonzedwe tsopano, poŵerenga ndi polemba tsiku ndi tsiku. Ndipo amene wapeza malo ali kale pa ntchito ya boma apemphe tchuthi cha maphunziro kwa akuluakulu ake m'njira yake asananyamuke, kuti pobwerako adzapeze dzina lake likadali pa mndandanda wa olandira malipiro.