Filiji yakufa isapite kwa ogula zitsulo



Filiji ikasiya kuzizira, ambiri timathamangira kuigulitsa kwa anyamata ogula zitsulo, pa ndalama yongogulira sopo. Ife tikuti dikirani kaye. Chafa ndi injini yokha. Makoma ake aja ali ndi siponji yolimba mkati, ndipo ntchito yake yotchinga kutentha ikadalipo.

Tonse tikudziwa zomwe zimachitika padoko. Chambo kapena kampango akatsika m'bwato m'mawa, wogula sachita changu. Amakhala pamthunzi n'kumayang'ana dzuwa, podziwa kuti likafika pamutu msodzi avomera mtengo uliwonse. Usipa tili nako kothawira, timayanika pathandala. Nanga chambo? Mwezi wa Okutobala sichidikira munthu.

Igonekeni chagada filijiyo kuti chitseko chikhale chivundikiro. Ikhale pamthunzi, pamwamba pa njerwa, mbali imodzi yotsikirako pang'ono. Kumbali yotsikayo boolani kabowo kotulukira madzi, chifukwa nsomba ikagona m'madzi a ayezi wosungunuka imafewa n'kuyamba fungo. Pansi ayezi woswaswa, kenako nsomba, pamwamba ayezinso. Kotentha ngati kwathu kuno, kilo ya nsomba imafuna pafupifupi kilo ya ayezi. Musanaboole, mmisiri wa mafiliji ayambe wachotsa gasi ndi injini. Imeneyo si ntchito ya chikwanje.

Ena akuti, "Shehe, ayeziyo ndi ndalama." Zoonadi, bokosili silipanga ayezi, limangosunga. N'chifukwa chake sitikuona nzeru kuti aliyense akhale ndi lake kuseri kwa nyumba. Mabanja anayi kapena asanu asonkhe, ayezi agulire limodzi, nsomba za aliyense zikhale m'thumba lake lokhala ndi chizindikiro. Bokosi lodzaza limasunga kuzizira kuposa lokhala ndi nsomba zitatu. Komanso ayezi saukitsa nsomba yomwe yayamba kale kuvunda. Kuiziziritsa kuti wogula asamve fungo ndi chinyengo, ndipo malonda otero si halali.

Koma pali chimodzi chomwe sitinyengererapo: ana. Mwana akalowa mufiliji pochita chibisalirano, chitseko n'kutsekeka, mpweya umamuthera ndipo kulira kwake sikumveka kunja. Bokosili likhale ndi loko, likhale lokhoma nthawi zonse ngakhale mulibe nsomba, kiyi asunge munthu wamkulu. Komiti ya padoko isalole filiji yopanda loko kugona pamchenga ngakhale usiku umodzi.