Phwando la osambira lisaiwale mwana amene anali kuopa madzi

Nyengo ya mipikisano ikatha, makalabu ophunzitsa ana kusambira m'mizinda ikuluikulu ya Moçambique, makamaka ku Maputo ndi ku Beira, amakonza phwando lamadzulo lopereka mphoto. Makolo amasonkha ndalama, ana amavala zovala zawo zabwino, akuluakulu a kalabu amalankhula, ndipo amene anapambana amavekedwa mamendulo ndi kupatsidwa zikho. Mwambo umenewu ndi wabwino, ndipo palibe munthu wanzeru amene anganene kuti uthe. Koma pali funso limene okonza maphwando otere sadzifunsa kawirikawiri: m'dziko limene madzi amatenga anthu chaka ndi chaka, kodi mphoto ya kusambira iyenera kupita kwa othamanga m'madzi okha?

Funsoli likuoneka bwino pa nkhani imene mayi wina wa ku Ulónguè anafotokoza atabwera kudzaona abale ake ku Angónia. Mayiyu akukhala ku Beira, kumene amuna ake amagwira ntchito ku doko. Iye sadziwa kusambira, monga anthu ambiri okulira ku mapiri. Mu Malichi 2019, pamene namondwe wa Idai anawomba Beira ndipo madzi anasefukira ku Búzi ndi madera ena, anthu oposa 600 anafa m'dziko lino. Kuyambira pamenepo mayiyu anatsimikiza mumtima kuti ana ake asadzakule osadziwa madzi ngati iye. Mwana wake wamkazi atakwanitsa zaka 10, anakamulembetsa ku kalabu ina ya mumzindamo.

Chaka chonse ntchito inali ya mayiyo. Ankadzuka kusanache, kukwera chapa ndi mwanayo kupita ku pisina, kudikira panja mpaka maphunziro atatha, kenaka kuthamangira naye ku sukulu. Anagula chovala chosambirira, chipewa cha mphira ndi magalasi a m'madzi, zinthu zimene sizipezeka pa mtengo wozizira. Mwezi ndi mwezi ankalipira chopereka cha kalabu. Tsono itafika nthawi ya phwando, anauzidwa kuti asonkhenso ndalama ya mipando iwiri, imene ikanakwana kugula thumba la ufa lodyetsa banja masabata angapo. Anasonkha, pakuti mwanayo anali atayamba kale kuwerenga masiku.

Pa phwandolo anapatsidwa tebulo lakumbuyo, pafupi ndi khomo la kukhitchini. Mwambo unatenga pafupifupi maola atatu. Anatchula opambana pa kusambira kwa livre, pa kusambira chagada kumene amati costas, pa kusambira ngati chule kumene amati bruços, ndi pa mariposa. Ana omwewomwewo, asanu kapena asanu ndi mmodzi, ankakwera ndi kutsika pa nsanja mpaka makosi awo analemera ndi mamendulo. Dzina la mwana wa mayiyu silinamveke. Maina a anzake ambiri a gulu loyamba kumene sanamvekenso, ndipo ena mwa iwo sanabwere n'komwe chifukwa makolo awo analephera kusonkha.

Ali pa ulendo wobwerera kunyumba, mwanayo anafunsa kuti: "Amayi, kodi ine chaka chino sindinachite kanthu?" Chikhalirecho mwana ameneyu, kumayambiriro a chaka, ankagwiritsa khoma la pisina ndi manja awiri, osalola kuviika nkhope m'madzi. Pofika kumapeto anali kusambira mamita 50 osaima, ndipo ankatha kugona chagada pamwamba pa madzi n'kupuma osachita mantha. Mayi ake ankadziwa zimenezi, mphunzitsi wake ankadziwanso, koma pa phwando panalibe amene anazitchula.

Apa m'pamene pali kulakwitsa. Kusambira kumasiyana ndi mpira wa miyendo kapena mpira wa manja. Mwana amene sadziwa kumenya mpira amangokhala woonerera. Mwana amene sadziwa kusambira akagwera pozama amafa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la OMS, mu lipoti lake la mu Disembala 2024, linanena kuti anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira m'madzi m'chaka cha 2021, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anali mwana wosakwana zaka zisanu. Lipotilo linasonyezanso kuti poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, Africa ndiye akutaya anthu ambiri mwa njira imeneyi. Vutoli ndi lalikulu kotero kuti mu 2021 bungwe la Nações Unidas linapatula tsiku la 25 Julayi kukhala lokumbutsa anthu za kupewa kumira. Zina mwa zimene OMS imalangiza maiko ndi kuphunzitsa ana a msinkhu wa sukulu kusambira koyambirira, kusamala pafupi ndi madzi, ndi kupulumutsa mnzawo popanda kudziika pa ngozi. Kalabu imene yatenga mwana woopa madzi n'kumusandutsa wosambira yachita ntchito imeneyi ndendende. N'zodabwitsa kuti pa tsiku lodzitamandira, kalabuyo imabisa chipatso chake chachikulu.

Wina atha kunena kuti nkhaniyi ndi ya anthu a ku Beira ndi ku Maputo, kumene kuli mapisina. Koma anthu a m'chigawo cha Tete ndiwo ayenera kuimvetsera koposa. Mtsinje wa Zambeze umadula mzinda wa Tete pakati. Mu Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40, ana amathamangira ku mtsinje, makolo alole kapena asalole. Ku nyanja ya Cahora Bassa anyamata amakula ali m'mabwato a usodzi. Mu Malichi 2019 mtsinje wa Revúbuè unasefukira n'kulowa m'nyumba za anthu mumzinda wa Tete, ndipo mu Januwale 2022, pa nthawi ya namondwe wa Ana, mtsinje womwewo unagwetsa mlatho wake. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Kumene anadutsa dzulo adzadutsanso mawa, ndipo adzapeza ana ali pomwepo. N'chimodzimodzinso kwa abale a ku Niassa okhala m'mbali mwa nyanja, ku Metangula ndi ku Cóbuè.

Aphunzitsi ena a masewera amatsutsa maganizo amenewa, ndipo mfundo yawo ili ndi mutu. Amati mpikisano wopanda wopambana si mpikisano, ndipo kupereka mendulo kwa aliyense n'kupha phindu la mendulo. Amati mwana amene amadzuka mbandakucha kasanu ndi kamodzi pa sabata kuti achotse sekondi imodzi pa nthawi yake ayenera kuona kuti thukuta lake lasiyana ndi la ena. Zimenezi n'zoona. Dziko limafuna akatswiri. Ku Zimbabwe, dziko lochita malire ndi chigawo chino, Kirsty Coventry anapambana mendulo ya golide pa mamita 200 a kusambira chagada ku Athens mu 2004 ndi ku Beijing mu 2008, ndipo mu 2025 anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa komiti yoyendetsa masewera a Olimpiki pa dziko lonse. Moçambique nayenso amakumbukira mmene dziko linasangalalira pamene Maria de Lurdes Mutola anapambana pa liwiro la mamita 800 ku Sydney mu 2000. Pisina ya mamita 50 ya ku Zimpeto, imene inamangidwa chifukwa cha masewera a maiko a mu Africa a mu 2011 ku Maputo, inamangidwira akatswiri otere.

Koma palibe amene akupempha kuti wopambana alandidwe mendulo yake, kapena kuti mamendulo agawidwe ngati masiwiti. Chimene chikupemphedwa n'chakuti zinthu ziwiri zosiyana zilemekezedwe mosiyana, pa phwando limodzi. Wothamanga alandire mendulo. Wophunzira kusambira alandire chikalata chonena zoona zake: kuti mwana uyu, dzina lake lakutilakuti, chaka chino wasambira mamita 25 kapena 50 osaima, ndipo amatha kuyandama. Chikalata chotere si chongotonthoza mwana. Ndi umboni wa chinthu chimene chayesedwa ndi kuonedwa, monga mmene chikalata cha sukulu chilili. Ndiponso katswiri aliyense amachokera m'gulu la oyamba kumene. M'mera mpoyamba. Mwana amene wabwerera kunyumba akuganiza kuti sanachite kanthu, chaka chamawa sabweranso, ndipo kholo limene lasonkha ndalama kuti likangoombera m'manja ana a eni, limayamba kuwerengera kuti ndalamayo ikanagwira ntchito ina.

Pali zinthu zochepa zimene makalabu angasinthe popanda kuononga ndalama zambiri.

Choyamba, mtsogoleri wa kalabu asanatchule opambana, anene chiwerengero cha ana amene analowa chaka chimenecho osadziwa kusambira, ndi cha amene akutuluka akudziwa. Aliyense wa iwo aitanidwe ndi dzina, aimirire, alandire chikalata chake. Pepala ndi inki sizingagwetse kalabu.

Chachiwiri, mwana wa mu timu asalipire pa khomo la phwando la timu yake. Ngati holo ndi chakudya cha ku hotela zikukweza mtengo, phwando lichitikire pambali pa pisina masana, mabanja abweretse mpunga, nkhuku ndi zakumwa monga mmene amachitira pa zikondwerero zina. Phwando limene lasiya kunja ana a osauka lasanduka la makolo olemera.

Chachitatu, zolankhula zifupike, ndipo makolo athokozedwe m'chilankhulo chimene amamva. Mayi amene wadikira panja pa pisina chaka chonse ndi mbali ya timu, ngakhale sanalowepo m'madzi.

Chachinayi, achinyamata amene alandira mamendulo apatsidwe udindo wothandiza mphunzitsi pa gulu la ana aang'ono chaka chotsatira, wamkulu ali pomwepo kuyang'anira. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo katswiri amene waphunzitsa ena asanu wabweza ngongole yake ku kalabu.

Nanga ku Tete, kumene mapisina ndi ochepa ndipo ambiri ali m'mahotela ndi m'malo a makampani? Kusowa kwa pisina si chifukwa chokhalira manja lende. Ku Bangladesh, dziko losauka ndiponso lodzala ndi mitsinje, pulogalamu ya SwimSafe yakhala ikuphunzitsa ana a kumidzi m'maiwe wamba, atamangamo mpanda ndi nsanja za nsungwi kuti malo ophunzirira asakhale ozama. Mwana amayesedwa ngati angasambire mamita 25 ndi kuyandama kwa masekondi 30. Kumeneko cholinga si liwiro ayi, koma kuti mwana akagwa m'madzi afike pa mtunda. Njira imeneyi singakoperedwe mwachimbulimbuli kuno, pakuti Zambeze ali ndi ng'ona ndi mvuu, ndipo madzi ongoima amabweretsa likodzo. Malo ayenera kusankhidwa ndi a zaumoyo pamodzi ndi mafumu odziwa mtsinje wawo. Ana ayeneranso kuuzidwa momveka kuti kudziwa kusambira si chilolezo cholowera paliponse, chifukwa mkokomo wa Revúbuè wa m'dzinja umagonjetsa ngakhale katswiri.

Chimene chingatheke msanga ndi kugwiritsa ntchito mapisina amene alipo kale. Mzinda wa Songo waonetsa kuti chigawo chino chikafuna chinthu pa masewera chimachipeza: timu ya União Desportiva do Songo, yothandizidwa ndi Hidroeléctrica de Cahora Bassa, inatenga chikho cha Moçambola koyamba mu 2017. Makampani aakulu a m'chigawo chino, kuphatikizapo okumba malasha ku Moatize, ndi eni mahotela, atagwirizana ndi akuluakulu oona za maphunziro ndi masewera, angathe kutsegulira ana a sukulu zapafupi mapisina awo m'mawa umodzi kapena iwiri pa sabata, pamodzi ndi mphunzitsi wodziwa ntchito.

Pologalamu yotere ikadzayamba, nayo idzakhala ndi tsiku lake lotseka chaka, ndipo okonza adzayenera kusankha amene ayambe kuitanidwa kutsogolo. Pempho kwa iwo, ndi kwa makalabu a ku Beira ndi ku Maputo, ndi lakuti ayambe ndi ana amene anabwera akuopa madzi. Opambana adzadikira mphindi khumi, ndipo mamendulo awo sadzachepa mphamvu chifukwa cha kudikirako.