PCOS: mpamba usathere pa tiyi wa m'paketi

Pofika 11 koloko m'mawa mumsika waukulu wa Zomba, mayi wogulitsa nyemba amakhala atamwa kale tiyi wothira masipuni atatu a shuga ndi mandasi awiri. Masana aitanitsa tchipisi cha pachiwaya ndi Fanta, chifukwa kuchoka pabenchi n'kutaya kasitomala. Nyemba, nandolo ndi khobwe wake zimakadyedwa kumakomo a ena. Kwa amayi ambiri kadyedwe kotere kamangolemetsa thupi pang'onopang'ono, koma kwa amene ali ndi matenda otchedwa PCOS kamakulitsa vuto lenileni.

PCOS ndi kusokonekera kwa mahomoni m'thupi la mayi. Dzira silikhwima mwezi ndi mwezi, choncho msambo umadumpha, nthawi zina miyezi ingapo. Ena amamera tindevu, ena amatuluka ziphuphu zosatha kapena kuda khungu la pakhosi, ndipo ambiri amavutika kutenga pathupi. Mu 2025, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidati vutoli limagwira amayi 6 mpaka 13 mwa 100 alionse a msinkhu wobereka, ndipo mwa odwalawo, ofika 70 mwa 100 sadziwa kuti ali nalo. Mumsika wa amayi mazanamazana ngati wa Zomba, Chinamwali kapena Mpondabwino, sangalephere kupezekamo.

Nkhani ya chakudya ikubwera chifukwa cha insulini, homoni yomwe imalowetsa shuga wa m'magazi m'minofu. Amayi ambiri a PCOS matupi awo saimvera bwino insuliniyi, ndiye thupi limapanga yochuluka, ndipo yochulukayo imachititsa kuti mahomoni achimuna akwere. Chakudya chokweza shuga msangamsanga, monga zakumwa zotsekemera, buledi woyera, mandasi ndi mitanda yambiri ya nsima ya ufa woyera, chimapititsa patsogolo zonsezi, komanso chimayandikitsa matenda a shuga.

Apa m'pamene palowera ochenjera. Mayi amene apongozi ayamba kumutchula chumba amagula chilichonse, ndipo pa WhatsApp ndi Facebook padzaza ogulitsa tiyi "wotsuka chiberekero" ndi makapisozi "osungunula zotupa". Malonda amenewa ndi akuba. PCOS si litsiro la m'chiberekero loti n'kutsuka, ndipo mpaka lero palibe mankhwala oichiziratu. Chomwe chilipo ndi kuchepetsa mphamvu yake. Wamalonda amene akudyerera misozi ya mnzake wa benchi loyandikana aganize kawiri, komanso akumbukire kuti kugulitsa mankhwala m'dziko muno kumayang'aniridwa ndi bungwe la PMRA.

Chothandiza chili pomwepo pamsika, ndipo n'chotchipa. Mgaiwa umasunga gaga ndi mtima wa chimanga, pamene ufa woyera umataya zimenezi pokonola ndi poviika. Wogaitsa mgaiwa amalipira chigayo kamodzi ndipo thumba lake silichepa ndi madeya. Komabe nsima ndi nsima: mitanda inayi ya mgaiwa ikwezabe shuga. Nzeru ndi kutembenuza mbale, ndiwo zichuluke, nsima ichepe. Theka la mbale likhale masamba, kaya bonongwe, chisoso, nkhwani, mpiru kapena kholowa, otendera nsinjiro m'malo mosambitsa mafuta. Pambali pake pakhale nyemba, nandolo, dzira, usipa kapena matemba a ku Kachulu kunyanja ya Chilwa. Zoterezi zimakhalitsa m'mimba, munthu osalakalaka chitumbuwa 3 koloko masana.

M'mawa, phala la mgaiwa lothira nsinjiro kapena mbatata yophika ndi mtedza zimaposa sikono. Zipatso a ku Zomba sangadandaule. Mabulosi ndi masitiroberi omwe anyamata amatsatsa alendo pamsewu wa ku Ku Chawe, mapeyala ndi magwafa, zonse n'zoyenera, bola kudya chipatso chenichenicho osati kumwa juwisi wa m'botolo. Thobwa wothira shuga wambiri nayenso asanamize munthu chifukwa choti ndi wachikuda.

Malangizo a akatswiri a PCOS padziko lonse omwe adatuluka mu 2023 sadapeze kadyedwe kamodzi koposa kena konse, choncho woumiriza mayi kusiyiratu nsima kapena kugula zakudya za m'mashopu akuluakulu akungomusaukitsa. Kwa wonenepa, kutsitsa 5 mpaka 10 pa 100 ya kulemera kwake, kutanthauza makilogalamu 4 mpaka 8 kwa wolemera makilogalamu 80, nthawi zambiri kumathandiza msambo kubwerera m'malo mwake. Woonda asadzimane chakudya, PCOS imagwiranso oonda, ndipo kwa iwo chofunika ndi mtundu wa chakudyacho. Kuyenda wapansi mphindi 30 patsiku kumathandiza onse. Apa mayi wa ku Matawale angasungenso ndalama ya kabaza.

Ophika zakudya zogulitsa aonepo mwayi. Malesitanti ambiri a mumsika amapereka nsima yoyera yodzaza mbale ndi kasipuni ka masamba. Wina atayamba mbale ya mgaiwa, nyemba ndi masamba otendera ochuluka, n'kumaperekera pamabenchi masana, angapeze makasitomala okhazikika, osati a PCOS okha komanso a shuga ndi a BP. Ophunzira a University of Malawi ku Chirunga ndi msika wina wosafuna kuupeputsa. Mpamba wake ndi wochepa poyerekeza ndi wa nkhuku ndi mafuta okazingira.

Chakudya sichilowa m'malo mwa chipatala. Mayi amene msambo wake wadumpha miyezi itatu alibe pathupi apite kuchipatala chapafupi, komwe angamutumize ku Zomba Central Hospital kukamuunika ndi sikani ndi kumuyeza shuga. Dokotala angamupatse mapiritsi oongola msambo, metformin, kapena mankhwala othandiza dzira kukhwima ngati akufuna mwana, ndipo ambiri a PCOS amabereka. Bambo a kunyumba amuperekeze, nawonso akayezedwe, benchi alisiyire mnzake tsiku limenelo.