Lembani mtengo pansi pa chithunzi

Basi yochokera ku Lusaka ikangoima pa Nyimba, nthochi zimafika pa zenera munthu asanaimirire n'komwe. Azimayi ogulitsa aja sasowa wowaphunzitsa malonda. Katundu ali m'manja, mtengo uli pakamwa, mbasela ilipo kwa amene wagula zambiri. Pakapita mphindi zochepa chabe ndalama yalowa, basi yanyamuka ulendo wa ku Chipata.

Ise ana awo tili ndi mafoni, ndipo ambiri tatsegula masamba a bizinesi pa Instagram. Wina akuphika makeke ku Petauke, wina akusoka zitenge, wina akugulitsa salaula, nshawa kapena uchi. Koma tikayang'ana masambawa mofatsa, tikuona kuti tikulephera chinthu chimene amayi athu amachita tsiku lililonse pamsewu wa Great East: kuonetsa katundu weniweni ndi kutchula mtengo wake.

Chizolowezi choipitsitsa ndi chija cholemba kuti ofuna mtengo abwere ku inbox. Tinachitengera kwa ogulitsa zovala a ku Lusaka, poganiza kuti ndiye chizungu chake. Taganizani munthu amene ali ku Matero, wagula bandulo ya tsiku limodzi, waona nshawa zanu ndipo wazikhumbira. Alembe uthenga, adikire kuti netiweki ya kwanu ibwerere, muyankhe madzulo, iye afunsenso ngati mtengowo ndi wa meda kapena wa kilo. Pofika nthawi imeneyo wagula kale ku Soweto Market. Palinso china: wobisa mtengo amakayikitsa. Wogula amaganiza kuti mukufuna muyambe mwaona nkhope yake ndi nsapato zake kuti mudziwe pomuyambira. Ena amati kulemba mtengo kumapatsa mpata opikisana nawo kuti atsitse wawo. Komatu opikisana nanuwo amaudziwa kale, mumagula kwa alimi omwewo.

Chachiwiri n'chomvetsa chisoni kwambiri. Ena a ife timabisa kwathu. Munthu ali pa boma ku Petauke, koma patsamba walemba Lusaka, ngati kuti dzina la kwathu lingathamangitse makasitomala. Kwa wogulitsa zakumunda, dzina la malo ndiye chuma chake. Munthu wa m'tauni akamva nthochi za ku Nyimba kapena nshawa za Chalimbana zochokera kum'mawa, sufunika kumufotokozera zambiri. Mu Lusaka ndi ku Copperbelt mwadzaza Ansenga ndi Achewa amene amalakalaka zakumudzi, ndipo amenewo ndiwo msika wathu. A COMACO anazindikira zimenezi kalekale: chiponde, uchi ndi mpunga wawo wa It's Wild zili m'mashopu akuluakulu, ndipo sabisa kuti zimachokera kwa alimi a m'chigwa cha Luangwa. Iwo amagulitsa ndi dzina la dera, ife tikulichitira manyazi.

Za zithunzi zotola pa intaneti sitichulukitsa. Keke ya nsanjika zitatu yojambulidwa m'khitchini ya ku London, pomwe yofika pa ukwati ndi ina, imakupezerani kasitomala mmodzi ndi kukuthamangitsirani mudzi wonse. Instagram inayamba mu 2010 ngati malo a zithunzi zojambulidwa pa foni, ndipo mpaka lero foni wamba ikwanira. Tulutsani katundu panja m'mawa dzuwa lisanakwere, yalani chitenge chopanda maluwa ambiri, pukutani kamera, jambulani. Ngati nthochi ina ili ndi banga, ionekere.

Tsono nkhani yaikulu ili pa mtunda. Kuchoka ku Petauke kufika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 400. Wogula sangagwire katundu, sangalawe, ndipo tikumupempha kuti atumize ndalama kwa munthu amene sanamuonepo. Tonse tinalandirapo mauthenga a akathyali onena kuti ndalama ija itumizidwe pa nambala iyi, choncho mantha akewo si opanda pake. Chithunzi chokongola sichichotsa manthawo. Chimene chimawachotsa ndi tinthu tooneka ngati tating'ono: dzina lotuluka pa Airtel Money kapena MTN MoMo lifanane ndi dzina lili patsamba, mulembe masiku amene mumakweza katundu pa basi, ndalama yotumizira ndi amene ailipire, katundu akakwera, mutumize chithunzi cha phukusi ndi risiti, kuti munthu adziwe nthawi yokadikira pa Intercity. Kwa kasitomala watsopano, kulandira theka poyamba ndi theka katundu akafika kumagawa chiopsezo pakati pa awirinu. Bizinesi ikayamba kuyenda, kulembetsa dzina lake ku PACRA kumathandizanso, makamaka mukafuna kugulitsa ku mashopu ndi malo odyera.

Pali otsutsa amene amafunsa kuti, kodi ku Nyimba ndani ali pa Instagram? Funsoli lili ndi nzeru. Anthu a pafupi nafe timawapeza pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndipo Instagram imadya bandulo ngati chiswe. Wogulitsa vitumbuwa pamsika wa Petauke asadzivute nayo, status ya WhatsApp imukwanira. Instagram ndi ya katundu amene angayende pa basi osawonongeka, kapena nchito imene munthu amaitanitsa pasadakhale. Telala amene akufuna maoda a mwambo wa Tuwimba, umene Ansenga a Mfumu Kalindawalo amachita mu Okutobala, ayambe kuonetsa masitayilo ake mu Ogasiti, pamene a m'tauni akukonzekera ulendo wobwera kumudzi. Ndiponso popeza Facebook inagula Instagram mu 2012, chithunzi chimodzi mungachitumize mbali zonse ziwiri nthawi imodzi.

Tisaiwalenso kuti tsambalo si lathu, ndi la eni ake. Likhoza kubedwa kapena kutsekedwa usiku umodzi. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba chifukwa cha chilala, malaiti ankathima maola ambiri, mafoni n'kuzima, netiweki n'kumasowa. Amene anali ndi kabuku kolembamo manambala a makasitomala ndi zimene amakonda kugula ankangoimba foni ikapeza moto. Kabuku ka sukulu kamodzi n'kokwanira.

Chotsala ndi cha m'nyumba mwathu momwe. Zambiri zimene tikuika pa Instagram sitinalime ndife. Nshawa ndi za ambuya, nthochi ndi za azakhali, uchi wafula ndi amalume. Foni ingatisandutse mavenda omwe aja amene makolo athu akhala akudandaula nawo, ogula motchipa pakhomo n'kukagulitsa katatu m'tauni. Ngati nkhope ya ambuya ndiyo ikukopa anthu pachithunzi, tiyambe tawapempha tisanawajambule, tiwaonetse chithunzicho, tiwauzenso mtengo umene talemba pansi pake. Pamenepo m'pamene tingakambirane nawo kuti pa meda iliyonse yokwera basi, yawo ndi zingati ndipo yathu ndi zingati.